Dzenje la madzi a mvula lomwe linasanduka chosefera madzi a suweji pasukulu ina ku Salima

Nkhaniyi inayamba ndi dandaulo la anthu a m'mudzi woyandikana ndi sukulu ina ya sekondale yogonera komweko, m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima. Madzi otuluka m'maiwe a suweji a sukuluyo ankasefukira m'ngalande n'kukathera kudambo kumene amayi amachapa ndiponso mbuzi zimamwa. Kwa zaka zingapo anthu ankangong'ung'udza. Chomwe chinasintha zinthu ndi mliri wa kolera umene unabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno usanazilale mu 2023. Maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika nawo kwambiri, ndipo alangizi a zaumoyo anauza akuluakulu a sukulu kuti madzi amenewa asayendenso pamtunda.

Sukuluyo inalinso ndi vuto lina. Chitsime chake chakuya, cha pampu ya magetsi, chinkafooka chaka ndi chaka mu Okutobala ndi Novembala, moti dzuwa likafika paliwombo pampu inkakoka mpweya. Ogwira ntchito yokonza zinthu pasukulupo anaganiza zoti mavuto awiriwa athetsane okha. Kuseri kwa bwalo la mpira kunali dzenje lakale lomwe anakumbamo dothi pomanga msewu, la mamita 40 m'litali, 25 m'lifupi, kuya kwake mamita 2. Madzi a mvula a pamadenga ndi pabwalo ankathera m'menemo n'kuphwa m'masiku awiri. Iwo anakumba ngalande kuchoka padziwe lomaliza la suweji mpaka kudzenjeko, ati madzi akamalowa pansi dambo liuma, chitsime nacho chipeza mphamvu.

Maganizowo sanali achibwana. Tauni ya Atlantis, kumpoto kwa Cape Town ku South Africa, yakhala ikumwa madzi a pansi owonjezeredwa mwa njira imeneyi kwa zaka zoposa 40: madzi a mvula a m'tauni ndi a suweji oyeretsedwa amawathira m'maiwe a mchenga, zitsime zomwe zili chapatali n'kumawapopa. Ku Shafdan, pafupi ndi Tel Aviv, anayamba mu 1977, ndipo madzi ake amakathirira minda ku Negev. Koma ku Shafdanko dziwe lililonse lili ndi nthawi yake yolandira madzi ndi nthawi yake yopuma. Kuno dzenje analisiya kuti lizingomeza usana ndi usiku.

Linameza milungu 6 yokha. Kenaka madzi anaima, anabiriwira, mwera ukawomba fungo linkafika kumahostelo, ndipo m'mbali mwake munali mphutsi za udzudzu zokhazokha. Ife olemba nkhaniyi tinaitanidwa kudzaona vutoli mu Ogasiti, ana ali patchuthi.

Chomwe chinatseka dzenje

Tinayamba ndi kutseka ngalande ija kuti dzenje liume. Litauma panaoneka chikhungwa chakuda, chochindikala sentimita imodzi kapena awiri, chong'aluka ndi kupiringizika ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Kunsi kwake mchenga unali wakuda ndi wonunkha mpaka masentimita 10, kupitirira apo unali woyera bwinobwino. Choncho dzenje silinafe, linangotsekeka pamwamba.

Gwero lake linali ndere. Maiwe a suweji amayeretsa madzi ndi dzuwa komanso ndere, zomwe zimapereka mpweya kwa tizilombo todya zonyansa, n'chifukwa chake madzi a m'dziwe lomaliza amatuluka obiriwira ngakhale maiwe akugwira bwino ntchito. Ku labotale anapeza tinthu toyandama tokwana mamiligalamu 80 pa lita, pomwe malo olowetsera madzi pansi safuna kuti tipitirire 10 kapena 20. Pa malita 30,000 patsiku, amenewo ndi makilogalamu 2.4 a zouma tsiku lililonse, ndipo zinkagwera pamatope osalala omwe mvula inasiya kwa zaka zambiri. Mchenga womwe unkameza mita imodzi ya madzi patsiku unatsala pang'ono kutsekeratu.

Madzi ataima, ogwira ntchito a pasukulu aja anaganiza kuti akachuluka adzikankha okha ndi kulemera kwake. Zimachitika n'zosiyana. Herman Bouwer, yemwe anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ku Phoenix m'dziko la America, anasonyeza kuti madzi akuya amapsinja chikhungwa n'kuchilimbitsa. Komanso madzi okhalitsa padzuwa amabereka ndere zatsopano m'dzenje momwemo, ndipo ndere zikachuluka laimu wosungunuka m'madzi amagwa n'kumata mchenga. Dziwe losaya lomwe limauma msanga limalowetsa madzi ambiri pachaka kuposa lakuya losauma.

Kenaka tinawerengera madzi. Ana pafupifupi 600 ndi mabanja a aphunzitsi ankagwiritsa ntchito malita 40,000 patsiku, dimba la masamba n'kutenga ena 10,000, onsewo a chitsime chimodzi. Ofika kumaiwe anali ngati 32,000. Maiwewo ndi a masikweya mita 1,500, ndipo kutentha kwa Okutobala kukamauluza mamilimita 6 patsiku amataya malita 9,000, choncho otuluka ankachokera pa 23,000 nyengo yotentha kufika pa 30,000 m'miyezi yozizira. M'dzinja zinali zina. Titathira ndowa zingapo m'magatala a mahostelo awiri, madziwo anatulukira m'manhole, dzenje loyang'anira mapaipi a suweji. Mvula ikagwa, madenga awiri athunthu ankathamangitsa suweji m'maiwe isanapse, ndipo ichi ndicho chinkachititsa kusefukira koipitsitsa kudambo kuja.

Pansi pa dzenje

Ndi chida chobowolera cha pamanja tinaboola malo angapo m'dzenje ndi mozungulira. Kumadzulo kunali mchenga wosakanikirana ndi dothi pang'ono mpaka pansi. Kummawa, pa mamita 3 kuchokera pamwamba, panali kamzere kopyapyala ka dongo. Kupitirira mamita 6 kunali mchenga waukuluukulu wa timiyala, mwina khwawa lakale lokwiririka, monga zimakhalira m'chigwa chomwe mitsinje ngati Linthipe yakhala ikusiyamo mchenga ndi matope mosinthanasinthana.

Liwiro lomwe nthaka imamezera madzi tinaliyeza m'kadzenje ka mamita 2 mbali zonse, madzi akuya masentimita 20, titakanyowetsa tsiku lathunthu. Linali pafupifupi mita imodzi patsiku. Kuyezera m'chitini chodula kapena m'mphete yaing'ono kumanamiza, chifukwa madzi ambiri amathawira m'mbali ndipo chiwerengero chimatuluka chokoma kuposa zoona.

Funso lalikulu linali la kuya kwa madzi a pansi. Mu Ogasiti anali pa mamita 6, mu Okutobala pa 7. Wina akanakhutira nazo n'kuyamba kumanga. Koma dothi lomwe linkatuluka pa mamita 3.5 linali lotuwa, la mathothomathotho a dzimbiri, chizindikiro chakuti chaka chilichonse madzi amafika pamenepo n'kukhalapo kanthawi. Amayi a zitsime za m'madimba anatsimikiza kuti kumapeto kwa dzinja chingwe chosakwana mamita 4 chimatunga. Pansi pa dzenje pali kale pa mamita 2, ndiye kuti m'dzinja mchenga wouma wotsala kunsi kwake ndi mita imodzi ndi theka basi.

Mchenga wouma umenewo ndiwo chosefera chenicheni. Mazira a njoka za m'mimba amatsalira m'masentimita oyamba. Mabakiteriya ambiri amakodwa ndi kufa mu mita yoyamba kapena yachiwiri, malinga mchenga uli ndi mpweya. Mavairasi amapita patali kuposa apo. Madzi akangofika pomwe nthaka ndi yokhuta kale, kuyeretsa kumayenda pang'onopang'ono ndipo chotsala n'kudalira mtunda ndi nthawi. Tinaika malire akuti pakhale mamita 3 a mchenga wouma nthawi iliyonse yomwe madzi a suweji akulowa.

Chomwe chinatembenuza nkhani yonse chinali mapaipi atatu oyang'anira madzi a pansi omwe tinazika mozungulira dzenje ngati mafuwa, titayeza kutalika kwa pakamwa pa iliyonse. Madzi a pansi anapezeka akutsetserekera kummawa, kunyanja, mita imodzi pa mamita 200 alionse. Chitsime cha sukulu chili mamita 250 kumpoto chakumadzulo, kumtunda kwa dzenje. Madzi othiridwa m'dzenje sakanafikako ngakhale patapita zaka. Kumene ankalowera kunali mjigo wa mtundu wa Afridev wa m'mudzi uja, mamita 180 kummawa, womwe anthu amamwa osathira mankhwala. Ngalande ya ogwira ntchito ija inachotsa suweji pamaso pa anthu n'kuilozetsa kumjigo wawo kudzera pansi. Tsiku lomwelo tinatenga madzi a pamjigo kukayezetsa, tisanakhudze kanthu kena kalikonse, ndipo anali abwino.

Zomwe tinasankha

Panali njira yongokwirira ngalande n'kuiwala za dzenje. Koma suweji ikanabwerera kudambo, ndipo nthaka ya kumadzulo inali yoyenera ntchitoyi miyezi yambiri ya chaka. Tinagwirizana zolikonza, sukulu itapempha chilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority, lomwe lamulo la madzi la 2013 linalipatsa mphamvu pa kutunga madzi ndi kutaya madzi ogwiritsidwa kale ntchito, komanso itadziwitsa ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo.

Magatala aja anadulidwa kumanhole n'kulozetsedwa kungalande ya mvula, ndipo mathanki a zimbudzi odontha anakonzedwa. Sinki ya labotale ya sayansi ndi malo otsukira mainjini zinapatsidwa kotayira kwakekwake. Ku Atlantis nako madzi a m'mafakitale sawasakaniza ndi a m'nyumba, chifukwa mchenga umatha kudya zonyansa za m'thupi koma mchere ndi mankhwala ambiri zimangodutsa.

Pothana ndi ndere, paipi yotulutsa madzi m'dziwe lomaliza tinaitsitsa kuti izikoka masentimita 50 kunsi kwa madzi, poti masana ndere zimaunjikana pamwamba. Kuchoka apo madzi amadutsa m'bedi la miyala ya kwale ya mamilimita 20 mpaka 40, la mamita 30 ndi 10, kuya masentimita 60, lomatidwa pansi ndi makande opondedwa bwino, pamwamba pobzalidwa bango. Madzi amayenda kunsi kwa miyala, osaonekera, kwa masiku ngati awiri. Mumdima ndere zimafa n'kutsalira m'miyala, udzudzu nawo supeza poikira mazira. Ena anafunsa ngati tingathiremo klorini madzi asanalowe m'dzenje. Tinakana. Klorini amapha tizilombo ta mumchenga tomwe tikudalira, ndipo akakumana ndi zonyansa zotsala amapanga mankhwala ena omwe sitikuwafuna pansi.

Dzenjelo tinaligawa pawiri. Kummawa, komwe kuli dongo, kunatsalira madzi a mvula, ndi kadziwe ka konkire polowera kuti mchenga, ndowe ndi zinyalala zizitsalira m'menemo. Kumadzulo tinapala chikhungwa chonse ndi mchenga wakuda uja, tinathira masentimita 50 a mchenga wa kumtsinje wotsuka, n'kumanga zigawo zinayi za mamita 10 mbali zonse, zolekanitsidwa ndi timakoma ta dothi, chilichonse ndi valavu yake komanso mwala wafulati pogwera madzi kuti asakumbe. Kukula kwake kunachokera apa: pa liwiro la mita imodzi lomwe tinayeza ndi madzi oyera timadalira gawo limodzi lokha mwa magawo 10, kutanthauza masentimita 10 patsiku, poganizira kutsekeka ndi masiku opuma. Malita 30,000 pa liwiro limenelo amafuna masikweya mita 300. Chigawo chachinayi n'chopatsa mpata wopala chimodzi zinzake zikugwira ntchito.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kunena. Chigawo chimodzi chimalandira madzi a tsiku lonse, osapitirira masentimita 30, kenaka chimapuma masiku atatu. Madzi akamatsika amakokera mpweya mumchenga, dzuwa limaumitsa ndi kung'amba kachikhungwa katsopano, tizilombo n'kudya zotsala. Madzi akagona kupitirira maola 48, chigawocho chimachotsedwa pamzere, chimauma, n'kupalidwa masentimita 2 kapena 3 ndi fosholo, zopalazo n'kuzitulutsa ndi wilibala. Kutipula ndi khasu osapala kumangokwirira matope mkati momwe sungawafikenso. Thirakitala isalowemo, imapsinja mchenga. Udzudzu kuno kotentha umafuna sabata kapena kupitirirapo kuti dzira lifike pouluka, ndiye madzi ophwa m'masiku awiri saupatsa mpata. Mpanda wa waya unali wofunika kaamba ka ana, mbuzi komanso likodzo.

Chovuta chinali dzinja. Mvula ya mamilimita 50 pamadenga a masikweya mita 3,000 ndi pabwalo la hekitala imodzi imabweretsa malita pafupifupi 300,000, omwe ndi madzi a suweji a masiku 10, ndipo imabwera nthawi yomwe mchenga wouma watsala pang'ono. Awiriwa sangagawane dzenje nthawi imodzi. Tinati dzinja likhale la mvula, chilimwe cha suweji. M'dzinja madzi a mvula akadikha kummawa amasefukira m'zigawo zinayi zija, kupatula a chizimalupsa ndi mvula yoyamba yamphamvu omwe timawapatutsa chifukwa cha litsiro lake. Popeza pansi pa zigawo pali pa mamita 1.5, lamulo linakhala lakuti valavu ya suweji itsekulidwe pokhapokha tepi yoyezera kuya ikasonyeza madzi a m'paipi yapafupi ali kunsi kwa mamita 4.5. Madzi a suweji a m'dzinja tinawakumbira dziwe losungira la mamita 30 mbali zonse, kuya 1.5, lokwana masiku 45. Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka zimapepuza katunduyo, ndipo otsala amapita kumunda wa nthochi ndi nsungwi wotchingidwa, atadutsa m'bedi la bango.

Chaka chomwe nyanja inakwera

Tinkayembekezera kutseka mu Januwale n'kutsekula kumapeto kwa Epulo. Chaka cha 2024 sichinatsatire zimenezo. Madera ambiri m'dziko muno analira ng'amba ya El Niño, koma nyanja ya Malawi, yomwe imalandira madzi ambiri kuchokera kumpoto ndi ku Tanzania, inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Sukuluyi ili pafupifupi kilomita imodzi kuchokera kugombe. Nyanja ikakwera, madzi a pansi amasowa kotsikira. M'paipi yathu anafika pa mamita 3.2 ndipo anachedwa kubwerera. Mzere wa mamita 4.5 anaudutsa mu Juni.

Apa panali kukokana. Dziwe losungira linadzaza, kumwamba kunalibe mtambo, ndipo akuluakulu a sukulu sankaona chifukwa chosungira madzi zigawo zili gwa, zouma. Lamulo likanalembedwa m'miyezi, valavu ikanatsekulidwa mu Epulo pamwamba pa mchenga wouma wosakwana mamita 2. Linali lolembedwa m'mamita, pabolodi lokhomedwa pampanda, ndipo linagwira. Madzi owonjezera anapita kunthochi mpaka nthaka inakhuta, ena pang'ono anafika kudambo atadutsa m'bango, alangizi a zaumoyo atadziwitsidwa ndiponso anthu atachenjezedwa. Dziwe losungira la masiku 45 linachepa, ndipo kwa aliyense womanga zotere pafupi ndi nyanjayi, mlingo wa nyanja uyenera kulowa m'masamu limodzi ndi mvula.

Nayitireti ndi mjigo wa m'mudzi

Tisanatsekule tinali titazika mapaipi ena atatu pamzere wolunjika kumjigo, pa mamita 10, 60 ndi 120. Madzi a suweji amakhala ndi mchere wochulukirapo kuposa a pansi a pamalopo, ndiye kamita ka EC ka m'manja, koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, kamakwanira kuona tsiku lomwe afika. Mwa masamu, mchenga wodutsitsa madzi mamita 10 patsiku, pa kutsetsereka kwa 1 pa 200, mipata yake ili gawo limodzi mwa anayi, umayendetsa madzi masentimita 20 patsiku. Paipi ya pa mamita 60 inayenera kuwaona patatha masiku 300. Inawaona patatha miyezi iwiri. Madzi anapeza mchenga waukuluukulu wa pa mamita 6 uja n'kumayenda pafupifupi mita imodzi patsiku, kasanu kuposa masamu a papepala. Pa liwiro limenelo, kumjigo ndi miyezi 6.

Pa nkhani ya tizilombo, izi sizinali zoopsa. Ku Germany ndi ku Britain malire amkati otetezera chitsime amawaika pa ulendo wa masiku 50, ndipo m'paipi ya pa 60 simunapezeke E. coli, bakiteriya wosonyeza kuti m'madzi mwalowa zonyansa za kuchimbudzi. Chomwe sichifa ndi nayitireti. Amoniya wa m'suweji amamatirira pamchenga madzi akamalowa, chigawo chikamapuma mpweya umamusandutsa nayitireti, ndipo madzi otsatira amamukokolola. Miligalamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya imapereka mamiligalamu 4.4 a nayitireti, choncho madzi okhala ndi mamiligalamu 20 okha pa lita angathe kutulutsa pafupifupi 90. Ndi zomwe tinapeza pa mamita 10. Pa 60 anadutsa 50, omwe ndi malire a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, pa madzi akumwa. Woopsezedwa kwambiri ndi khanda lomwe likumwetsedwa mkaka wosungunula kapena phala la madzi amenewo, chifukwa magazi ake amalephera kunyamula mpweya. Kuwiritsa sikuchotsa nayitireti, kumangomuunjika, ndipo klorini samukhudza. Kupumitsa zigawo komwe kunapulumutsa mchenga ndi komwenso kunkapanga nayitireti wambiri.

Kuwonjezera masiku omiza zigawo kukanachepetsako nayitireti, koma kukanabweza udzudzu ndi kutsekeka. Tinasankha kutchinga madziwo panjira. Pafupi ndi paipi ya pa 60 tinaboola chitsime chofika mumchenga waukuluukulu uja, cha pampu ya sola, kuti chizitulutsa malita 35,000 patsiku, ochulukirapo kuposa olowa. Dimba linakuzidwa kufika theka la hekitala, lomwe pa mamilimita 6 patsiku limamwa malita 30,000, ndipo nayitireti uja kwa mpiru ndi chimanga chachiwisi ndi feteleza. Madzi ake anali kutali kunsi kwa malire a WHO a tizilombo 1,000 pa mamililita 100 pothirira masamba. Ena analowa m'mathanki a zimbudzi za kumahostelo kudzera m'mapaipi akeake opakidwa penti yofiira, opanda mpopi ngakhale umodzi. A zimbudziwa amachokera pa gawo la dimba, ndipo tinawaika malire a malita 12,000, popeza madzi ozungulira kuchoka kuchimbudzi, kumaiwe, pansi, n'kubwereranso kuchimbudzi amanka nawonjezera mchere ulendo uliwonse.

Anthu a m'mudzi anayenera kuuzidwa zonsezi, ndipo anauzidwa pabwalo la amfumu, pamaso pa komiti ya mjigo ndi atsogoleri a tchalitchi ndi mzikiti, omwe nkhawa yawo inalinso pa madzi osamba popita kukapemphera. Palibe amene anakondwa kumva kuti madzi a kuchimbudzi ali pansi kumtunda kwa mjigo wawo. Chomwe chinakhazika mitima pansi ndi pangano lomveka: mjigo uziyezedwa miyezi itatu iliyonse ndi ndalama za sukulu, zotsatira ziziwerengedwa pagulu, kiyi wa paipi ya pa mamita 120 asunge a komiti, ndipo nayitireti m'paipi imeneyo akadutsa 25 kapena mukapezeka E. coli, mavalavu atsekedwe tsiku lomwelo.

Panganolo linayesedwa m'dzinja lotsatira, pomwe madzi a pamjigo anapezeka ndi E. coli. Zala zonse zinaloza kusukulu. Koma mavalavu anali otseka, paipi ya pa 120 inalibe kanthu, ndipo mchere wa pamjigo unali chimodzimodzi ndi womwe tinayeza tsiku loyamba lija. Simenti ya pamjigo inali itang'aluka, madzi otayika ankadikha pomwe mbuzi zimamwera, ndipo chimbudzi chokumba chinali pa mamita 15. Atakonza simenti n'kuthira klorini m'mjigo, madzi anayera. Pakanapanda zoyeza zoyambirira zija, mlanduwu sukanatheka kuuweruza.

Panachitikanso china chosonyeza pomwe ntchitoyi imadumphira. Woyang'anira mavalavu atapita kumaliro kwawo, valavu imodzi inakhala yotsekula masiku 10. Chigawocho chinamira, mpweya unatha mumchenga, ndipo madzi a m'paipi ya pa mamita 10 ankatuluka oyera n'kusanduka ofiirira m'ndowa. Nthaka ikasowa mpweya, chitsulo ndi manganizi zimasungunuka. Ku Shafdan nako manganizi anawavutitsapo. Chigawocho chinapuma milungu iwiri n'kupalidwa, madzi anabwerera mwakale. Tsopano oyang'anira ndi awiri, ndipo bolodi limasonyeza chigawo cha tsiku lililonse.

Pomwe zinthu zili

M'chilimwe ngalande ya kudambo ndi youma. Zigawo zimapalidwa kawiri pachaka, kamodzi patchuthi chachikulu, kachiwiri mvula ikangotha chifukwa madzi a mvula nawo amasiya matope. Nayitireti pa mamita 120 sanafike pa 25, ndipo pa 60 amatsika dzinja lililonse madzi a mvula akalowa.

Chitsime cha sukulu chinasiya kukoka mpweya, koma sitinganene kuti n'chifukwa cha madzi othiridwa pansi. Malita 30,000 kwa masiku 200 ndi malita 6 miliyoni. Atafalikira pa mahekitala 28, m'nthaka yomwe imasunga madzi otungika okwana 15 pa 100 alionse, angakweze madzi a pansi ndi masentimita 14 okha, ndipo ambiri mwa iwo timawapopanso. Chinapulumutsa chitsime n'chakuti dimba ndi zimbudzi zinachoka pamsana pake, kupopa kunatsika kuchoka pa malita 50,000 kufika pa 28,000 patsiku. Omwe amawonjezeradi nkhokwe ya pansi ndi madzi a mvula. Polemba pempho la ndalama za ntchito yotere pamalo aang'ono ngati sukulu, ndi bwino kulonjeza zimenezi osati kudzutsa mijigo ya mudzi wonse.

Madzi a chitsime cha sola amaoneka oyera ngati a pampopi, ndipo pempho loti alowe kukhitchini labwerapo kangapo. Yankho likadali ayi. Kupatula nayitireti, pali mankhwala ena a kuchipatala, monga carbamazepine wa khunyu, omwe amatuluka mumkodzo n'kudutsa mumchenga osasintha, ndipo kuyeza kwa nthawi zonse komwe sukulu ikuchita sikuwaona.

Ntchito zotsala ndi zitatu. Mamita atatu oyamba a bedi la bango ayamba kutsekeka, madzi akuonekera pamwamba, ndipo miyala yake iyenera kufukulidwa n'kutsukidwa patchuthi chikudzachi. Dziwe loyamba la suweji ladzaza matope kupitirira gawo limodzi mwa atatu, zomwe zikufupikitsa nthawi yomwe madzi amakhalamo. Dziwe losungira likufunika kukula kawiri, kufika masiku 90, ndipo malo ake apezeka kale kumwera kwa maiwe, pamakande, kutali ndi mzere wopita kumjigo.